Phunziro: Woyendetsa Ndege Wabwino Amadziwa Nthawi Yobwerera

Pa 10 June 2024, ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 inanyamuka ku Lilongwe kupita ku Mzuzu. Inagwa m'nkhalango ya Chikangawa, kumpoto kwa Kasungu, ndipo anthu onse 9 anafa, kuphatikizapo Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa Dziko, Dr Saulos Chilima. Akatswiri a bungwe la BFU a ku Germany anapeza kuti ndegeyo inkauluka chapansi m'nyengo ya mitambo ndi nkhungu. Anapezanso kuti batire la kachipangizo kothandiza kupeza ndege ikagwa linatha ntchito mu 2004. Kodi ophunzira kuyendetsa ndege amaphunzitsidwa chiyani kuti apewe zotere?

1. Kutsatira mndandanda

Mu 1935 ndege yatsopano ya Boeing, Model 299, inagwa ku Wright Field ku America itangonyamuka. Woyendetsa anali katswiri, koma loko yomanga ziwongolero ndege ikaima inali isanamasulidwe. Ngoziyi inachititsa kuti pakhale checklist, mndandanda wa zoyenera kuona asananyamuke. Mlimi wa ku Kasungu amene amawotcha fodya m'balani amaimvetsa mfundoyi. Ngakhale atagwira ntchitoyi zaka 20, amadzukabe usiku kukaona moto, chifukwa kunyozera kamodzi kumawononga thukuta la chaka chonse.

2. Kulankhula ngakhale uli wamng'ono

Pa 27 March 1977 ndege ziwiri za Boeing 747 zinawombana pa bwalo la ku Tenerife kuli nkhungu, ndipo anthu 583 anafa. Kaputeni wa ndege ya KLM anayamba kunyamuka asanapatsidwe chilolezo. Injiniya wake anakayikira n'kufunsa, koma sanalimbikire. Masiku ano ophunzira amaphunzitsidwa kuti wamng'ono azichenjeza momveka, ndipo wamkulu azimvetsera. Kwathu kuno timalemekeza akulu, ndipo n'zabwino. Komabe kukhala chete moyo wa anthu uli pangozi si ulemu.

3. Kuvomera kubwerera

Munthu akayandikira kumene akupita, mtima umamukakamiza kuti angofika. Ndiye chifukwa chake woyendetsa ndege amasankhiratu asananyamuke malire a nyengo amene sadzawapyola, bwalo lina lokatera, ndi mafuta okwanira kukafika kumeneko. Amasankha mutu uli wozizira, mantha ndi manyazi zisanabwere.

Ambiri a ife sitidzayendetsa ndege. Koma namwino wopereka mankhwala, mphunzitsi wonyamula ana pa lole, ndi wakabaza wa pa msewu wa M1, onse amanyamula miyoyo ya anzawo.

Mafunso okambirana

1. Pa ntchito imene mukuphunzira, ndi zinthu ziti zisanu zoyenera kuona tsiku lililonse?
2. Mungamuchenjeze bwanji mkulu wanu mwaulemu koma momveka?
3. Dalaivala wa minibasi akamathamanga kwambiri, n'chiyani chimatitseka pakamwa?