Kodi malangizo a chida chofufuzira ndi okwanira?

Funso: Ku laibulale komwe ndimagwira ntchito tapatsidwa chida choti AI izifufuzira metadata ya mabuku, monga mutu, wolemba ndi chaka. Ndingadziwe bwanji ngati malangizo ake analembedwa bwino? Wowerenga, Zomba.

Yankho: Kumbukirani kuti malangizowo akuwerengedwa ndi AI, ndipo iyo ikasokonezeka kawirikawiri imangopeka m'malo mofunsa. Mu Model Context Protocol, njira yolumikizira AI ndi zida yomwe kampani ya Anthropic inatulutsa mu Novembala 2024, chida chilichonse chimakhala ndi dzina, mawu ofotokoza ntchito yake ndi mndandanda wa zomwe chimalandira. AI imadalira zimenezo posankha chochita.

Yambani ndi deti. Kodi anena kuti lilembedwe 2024-03-15 motsatira ISO 8601, kapena angoti "date" basi? Nanga "creator" ya mu ndondomeko ya metadata ya Dublin Core ikuphatikiza womasulira buku? Chida chikapanda kupeza kanthu chimabweza chiyani? Apa ndi pomwe olemba ambiri amachita ulesi, AI n'kumakuuzani kuti bukulo kulibe chikhalirecho yangolemba dzina molakwika.

Kenako ifunseni za mabuku omwe mukudziwa kuti alipo pashelefu. Ikaphonya, tumizani mafunso omwewo kwa amene anapanga chidacho kuti akonze malangizo musanachipereke kwa anthu.