Kulemekeza bambo amene anamwera ndalama za fodya

Aliyense wokulira ku Kasungu amadziwa zimene zimachitika msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma. Mabelo amapita, ndalama zimatuluka, ndipo m'makomo ena bambo amasowa sabata ziwiri kapena zitatu. Pobwera amakhala ndi wailesi yatsopano, fungo la kachasu ndi matumba opanda kanthu. Mayi, atatopa ndi kudandaula, nawonso amangotaya mtima. Mwana amene anathirira nazale, kuthyola fodya mame asanaume ndi kusoka m'chigafa mpaka zala kuda bii, amauzidwa kuti za yunifolomu tiona chaka chamawa.

Izi si nkhambakamwa. Mu 2009 bungwe la Plan International linafalitsa lipoti lonena kuti ana oposa 78,000 ankagwira ntchito m'minda ya fodya m'Malawi, ndipo ena ankalowetsa m'thupi kudzera pakhungu chikonga chofanana ndi kusuta ndudu 50 patsiku. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti. Koma lamulo silingabweze zaka zimene mwana anakhala m'chigafa anzake ali m'kalasi.

Ena mwa ana amenewa lero tili nawo pakoleji pano. Ndipo akamva lamulo lachisanu pa Eksodo 20:12 likuwerengedwa, mumtima mumabwera funso limene amaopa kulifunsa mokweza: ndilemekeze bwanji munthu amene sanandisamale?

Taganizirani za Hezekiya. Bambo ake, Mfumu Ahazi, anapsereza mwana wawo pamoto ngati nsembe (2 Mafumu 16:3) ndipo anatseka zitseko za kachisi. Hezekiya anakulira m'nyumba imeneyo. Atalowa ufumu ali ndi zaka 25, mwezi woyamba womwewo anatsegula zitseko zija. Werengani 2 Mbiri 29:3-9 modekha, muona kuti atasonkhanitsa ansembe ndi Alevi ananena poyera kuti makolo awo analakwa. Sanabise, sanakometse. Komanso sitiwerenga paliponse kuti anataya nthawi n'kunyoza malemu bambo ake. Anatchula cholakwa, kenaka anayamba kukonza.

Apa ndi pomwe ambiri timasokonezeka. Kwathu kuno timaphunzitsidwa kuti za m'nyumba saulula, ndipo mwana akangoti "bambo ankatigonetsa ndi njala" timamuona ngati wamwano. Ine ndikuona kuti kumeneko n'kumusenzetsa mwana katundu wawiri: njala ija, ndi bodza pamwamba pake. Paulo yemweyo amene anabwereza lamulo lachisanu pa Aefeso 6 anachenjezanso abambo kuti asakwiyitse ana awo. Mbali imeneyo siilalikidwa kawirikawiri.

Tisaiwalenso kuti bambo ambiri otere anali matenanti amene ankakhalira ndowa ya chimanga yangongole chaka chonse, pomaliza n'kuuzidwa kuti ngongole yadya phindu lonse. Kudziwa zimenezi sikufafaniza cholakwa chawo, koma kumathandiza kuti mkwiyo usakhale wokhawokha mumtima.

Nanga ulemuwo ukhala wotani? Mwina ndi kuwapatsa moni mwaulemu ndi kuwagulira mankhwala akadwala, koma fizi ya mng'ono wanu n'kukalipira nokha kusukulu osaidutsitsa m'manja mwawo. Mwina ndi kukauza ankhoswe kapena akulu a mpingo kuti mayi akumenyedwa. Ndipo ngati kwanu kudakali mwana amene akujomba kusukulu chifukwa cha fodya, tchuthi chikubwerachi mukayambe mwakaonana ndi aphunzitsi ake.