Phunziro: Momwe amatsegulira usodzi wa herring ku Sitka

Tsegulani makope, ana inu. Lero tikuphunzira za usodzi wa pagombe la tauni ya Sitka ku Alaska, m'dziko la America. Kumeneko kuli nsomba zotchedwa herring. Zimayenda m'chigulu ngati usipa, kungoti n'zazikulupo ndipo zimakhala m'nyanja yamchere yozizira kwambiri.

Kuno kwathu msodzi amadziwiratu kuti ikafika 1 Novembala, makoka ena amaletsedwa pa nyanja ya Malawi kuti chambo chiswane. Ku Sitka tsiku lotsegulira silikhala pa kalendala. Nyengo yake ndi ya Malichi kapena Epulo, koma tsiku lenileni ndi ola lake zimatengera nsombazo. Mfundo imeneyi muilembe ndi kuidula mzere kunsi.

Chifukwa chake n'chakuti ogula amafuna mazira a m'mimba mwa nsombazo. Mazirawo amapita ku Japan, komwe amawatcha kazunoko ndipo amawadya pa chikondwerero cha chaka chatsopano. Msodzi akafulumira, amapeza mazira osakhwima. Akachedwa, amapeza nsomba zitaikira kale. Mpata wake ndi wa masiku ochepa basi.

Woyang'anira zonsezi ndi nthambi ya boma ya Alaska Department of Fish and Game. Ntchito imayamba chaka chapitacho. Nsomba zikamaswana m'mbali mwa gombe, ukala wa zazimuna umayeretsa madzi kuti mbuu, moti amaoneka muli m'ndege. Akatswiri amayeza kutalika kwa gombe loyeralo, ena n'kumira pansi kukawerenga mazira omata pa zomera za m'madzi. Akatero amayerekeza kuchuluka kwa nsomba zomwe zidzabwere. Kwa zaka zambiri lamulo linali lakuti zikachepera matani 25,000, palibe woponya khoka. Zikachuluka, asodzi ankaloledwa kutengako zosapitirira magawo 20 pa 100 alionse.

Nyengo ikayandikira, maboti angapo amakokako pang'ono n'kung'amba mimba za nsombazo. Ogula amafuna kuti mazira okhwima afike pafupifupi magawo 10 pa 100 a kulemera kwa nsomba. Mazirawo akayamba kukhwima, asodzi amauzidwa kuti akhale tcheru, chifukwa akhoza kuitanidwa pakangotha maola awiri. Chilengezo chimabwera pa wailesi, chotchula malo ndi nthawi. Ololedwa ndi okhawo ali ndi ziphaso, ndipo sakwana 50. Boti limazinga gulu la nsomba ndi khoka lalikulu, kenako amakoka chingwe cha kunsi kuti khokalo litseke. Zaka zina usodziwo unkatsekedwa ola lisanathe. Mu 2019 ndi 2020 sanagwire n'komwe, poti nsomba zambiri zinali zazing'ono, zosayenera msika.

Mwina wina afunsa kuti malamulo okhwima onsewa n'achiyani. Ku North Sea, pakati pa Britain ndi Norway, herring zinagwidwa mopyola muyezo mpaka usodzi wake unatsekedwa mu 1977, ndipo panapita zaka usanatsegulidwenso. Komanso herring ndi chakudya cha anangumi, mbalame ndi nsomba zikuluzikulu. Zikatha, njala imagwa m'nyanja monse.

Palinso eni nthaka, anthu a mtundu wa Tlingit. Iwo amamiza nthambi za mtengo wa hemlock m'madzi, nsomba n'kuikirapo mazira, ndipo amawagawana ndi abale akutali. Mu 2012 boma linapatula dera lina pafupi ndi tauniyo kuti makoka amalonda asafikeko. Komabe mu 2018 bungwe lawo la Sitka Tribe of Alaska linasumira boma, ponena kuti chakudya chawo sichikutetezedwa mokwanira.

Ntchito yakunyumba, mubweretse mawa:

1. Tiyerekeze kuti akatswiri apeza matani 60,000, ndipo malire ndi magawo 20 pa 100. Asodzi agwira matani angati?
2. Fotokozani chifukwa chake tsiku lotsegulira usodzi ku Sitka silingalembedwe pa kalendala.