PHUNZIRO: KODI KACHIROMBO AKA NKOTANI?

Chilala chikapita, chimanga chochepa chimene takolola chimafunika kuchisamala ngati dzira. Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala cha chaka chimenecho chinali tsoka la dziko lonse, ndipo akuluakulu pakati pathu sanaiwale njala ya 1992. Banja limene likuyamba kumene kuchira likataya thumba limodzi pa matumba atatu, ndiye kuti njala yabweranso dzinja lisanafike. Nchifukwa chake phunziro lino likunena za kachirombo kamodzi kamene tiyenera kukazindikira kadakali panja, kasanakhazikike m'nkhokwe.

Tikamayendera mipingo ya kuno ku Chipata, ku Katete ndi ku Chadiza, kawirikawiri anthu amatifunsa za tizirombo tachilendo timene apeza pa chimanga choyanika, pa mulu wa nkhuni kapena pa nsichi za nkhokwe. Ena amangokapsinja ndi chala nkupita. Ena amati, "Ndi nankafumbwe yemweyu, tinamzolowera." Onsewa afulumira. Yambani mwakayang'anitsitsa.

Kumene kanachokera

Kachirombo kameneka timakatcha nankafumbwe wamkulu. Akatswiri amati Prostephanus truncatus. Kwawo ndi ku Mexico ndi maiko oyandikana naye, kumene kamakhala m'mitengo youma ya kuthengo. Kanafika mu Africa mwangozi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo kanadziwika koyamba m'dera la Tabora ku Tanzania. Alimi a kumeneko anakapatsa dzina lakuti Scania, chifukwa kutsogolo kwake nkofanana ndi galimoto lalikulu lija. Mu 1984 kanapezekanso ku Togo. Kuno ku Zambia kanaoneka mu 1993 ku Nakonde, pa malire ndi Tanzania, ndipo m'zaka zomwezo kanali katalowa kale kumpoto kwa Malawi. Kamauluka, komanso kamayenda ulendo wautali m'chimanga chamalonda ndi m'masaka akale. Ife a ku Chipata tili pa msewu waukulu wa ku Lusaka ndi pa chipata cha Mwami, choncho chimanga cha kutali sichitidutsa patali.

M'mene tingakazindikirire

Ikani kachiromboko pa pepala loyera, panja poyera dzuwa. Amene ali ndi magalasi owerengera abwere pafupi. Nkakang'ono, mamilimita 3 kapena 4, ngati mutu wa kamtengo ka machesi. Dzina lakuti "wamkulu" lisakusocheretseni. Msinkhu wake susiyana kwenikweni ndi wa nankafumbwe amene tinamzolowera. Anakatcha chomwecho posiyanitsa ndi mbale wake wina wocheperako. Ife timati ukulu wake uli pa kuononga.

Choyamba yang'anani kumutu. Nankafumbwe wamba ali ndi kamlomo kakatali kotulukira kutsogolo ngati chitamba cha njovu, ndipo pa mapiko pake pamaoneka timawanga tinayi tofiirira. Wamkuluyu alibe chitamba. Mukamuyang'ana chakumsana, mutu wake suoneka nkomwe chifukwa unapindikira pansi, ndipo pamwamba pake pali ngati chisoti chokhakhala cha timano ting'onoting'ono. Kenaka yang'anani kumbuyo. Tizirombo tambiri kumbuyo kwake nkozungulira kapena kosongoka, koma aka kumbuyo kwake kuli ngati anachita kudula ndi mpeni. Thupi lonse nlofanana ndi kachidutswa ka mtengo, lakuda mofiirira. Mukaona zinthu ziwirizi, mutu wobisika ndi kumbuyo kodulika, musachedwe.

Ntchito yake imamuululanso. Amaboola timabowo tozungulira bwino ngati ta kamsomali, kudutsa m'makoko, m'njere, mpaka m'chitsononkho chomwe. Amasiya ufa wambiri, wochuluka kuposa umene amasiya nankafumbwe wamba. Mukagwedeza chimanga cha m'nkhokwe ndipo ufa nkumayoyoka pansi, kapena mukaona ufa wa mtengo pansi pa nsichi, fufuzani. Amadyanso makaka a chinangwa. Pa nyengo yotentha, dzira limasanduka kachirombo kokhwima pa mwezi umodzi wokha. Ku Tanzania, m'zaka zoyamba zija, alimi ena anataya gawo limodzi mwa magawo atatu a chimanga chawo pa miyezi itatu kufikira isanu ndi umodzi. Ndipo kuuma kwa chaka sikumamuvuta, amaswana ngakhale m'chimanga chouma gwa.

Sikuti kachirombo kalikonse ka pa nkhokwe ndi mdani. Pali kena kakang'ono koposa, kakuda bii ndi konyezimira, kotchedwa Teretrius nigrescens, kamene kamadya mazira ndi mphutsi za nankafumbwe wamkulu. Akatswiri anachita kukatenga kwawo komweko nkukamwaza ku Togo mu 1991, kenaka m'maiko ena, Zambia yomwe. Kamathandiza, koma sikamaliza vuto pakokha.

Mukakayika

Tolani tizirombo tingapo, osati kamodzi. Musatiike m'bokosi la machesi kapena m'kapepala ka pulasitiki, chifukwa timaboola nkutuluka muli panjira, ndipo mudzakhala mwatinyamulira ku mudzi wina. Gwiritsani ntchito kabotolo kagalasi kotsekeka bwino, ndipo ngati muli ndi sipiriti thiranimo pang'ono kuti tife. Lembani pa kapepala tsiku, mudzi, ndi pamene mwatipeza, kaya ndi m'munda, pa nkhuni kapena m'nkhokwe. Perekani kwa alangizi a zaulimi a m'dera lanu. Iwo akakayika ali ndi kofunsa, ku ofesi ya zaulimi pa boma ndi ku malo ofufuzira zaulimi a Msekera, kunja pang'ono kwa tauni ya Chipata. Akulu a mpingo ndi amayi a Chigwirizano angathe kusonkhanitsa mabotolo a m'dera lonse kuti munthu mmodzi apite nawo.

Akatsimikiza kuti ndi iyeyo, chovuta kwa ambiri a ife ndi kusiya chizolowezi cha makolo chosunga chimanga chosatonola m'nkhokwe. Chizolowezichi chinali chabwino nthawi ya nankafumbwe wamba, pakuti makoko ankateteza. Koma kwa wamkuluyu chimanga cha pa chitsononkho ndicho chokoma kuboola, popeza njere zagwirana ndipo iye amapeza potsamira. Kololani msanga chikangouma, chifukwa amayamba chimanga chidakali m'munda. Yanikani bwino, tonolani, ndipo thirani mankhwala a ufa amene analembedwa kuti amapha nankafumbwe wamkulu, monga Actellic Super, motsata muyeso wa pa paketi. Phulusa lokha silimukwanira. Amene angathe agule matumba osalowa mpweya, monga a PICS, ndi kuwasanjika pa thandala, kutali ndi mitengo yofumbwa. Zotsalira za chaka chatha sesani ndi kutentha, masaka akale aviikeni m'madzi owira, ndipo nsichi ya nkhokwe imene ili ndi timabowo tija izuleni ikhale nkhuni za tsiku lomwelo.