Khoma la kukhitchini: ligwe kapena likhale?

Wowulutsa: Kalata yoyamba yachokera ku Yeoville, mumzinda wa Johannesburg, kwa mayi amene amatimvera pa intaneti. Akuti: "Tinagula fulati yakale m'nyumba yosanjikiza kanayi. Khitchini yake ndi yothina, yamdima. Ndikufuna kugwetsa khoma kuti khitchini ndi balaza zikhale malo amodzi. Mmisiri waligogoda, akuti lilibe ntchito. Ndimukhulupirire?" A injiniya, mwaimva nkhaniyo.

Injiniya: Mayi, muuzeni ayambe waika hamala pansi. Kugogoda kumangokuuzani ngati khoma ndi lanjerwa kapena lamabolodi, sikunena chimene lasenza. Tengani tepi, muyeze kunenepa kwake pakhomo. Likakhala pafupifupi masentimita 11 osawerengera pulasitala, kawirikawiri ndi longogawa zipinda. Likafika 22, chenjerani nalo. Komabe tepi si woweruza. Nyumba zazitali zimaima pa mizati ndi mabimu akonkire, koma zambiri zakale zosanjikiza katatu kapena kanayi, ngati yanuyo, konkire yapamwamba imakhalira makoma enieniwo, nthawi zina ngakhale oondawo. Pamwamba panu pakugona ana a eni ake.

Funsani pulani ya nyumbayo kukhonsolo, muitane injiniya adzaone ndi maso. Likapezeka kuti lasenza katundu, likhoza kuchokabe, koma amayamba achirikiza konkireyo ndi majeki achitsulo, kenako amalowetsa bimu yokhazikika pa nsanamira mbali zonse ziwiri. Ndalama zambiri zimathera pamenepo, osati pa matailosi.

Wowulutsa: Koma fulati ndi yawo, anagula ndi ndalama zawo.

Injiniya: Ndi yawo mpaka pakati pa khoma lamalire, pakati pa konkire yapansi ndi yapamwamba. Ndi mmene lamulo la ku South Africa la Sectional Titles Act la 1986 limadulira malire. Choncho a body corporate, bungwe la eni mafulati onse m'nyumbayo, avomereze polemba, khonsolo nayo ivomereze pulani. Chinanso, dzikolo linaletsa asibesitosi mu 2008, ndipo fulati yakale ikhoza kukhala naye m'siling'i kapena m'matailosi apulasitiki apansi. Musapale, musadule ndi girayinda asanapimidwe. Fumbi lake limawononga mapapo, matenda nʼkudzaonekera patapita zaka zambiri.

Wowulutsa: Kalata yachiwiri ndi ya bambo a ku Namiwawa, ku Blantyre. Akuti akazi awo akukana kuti khoma ligwe, chonsecho pa TV amaona zikukongola.

Injiniya: Bambo, ine ndili mbali ya mayiwo. M'khitchini za pa TV zija simukazingidwa usipa. Khoma likachoka, fungo limakakhala m'makatani ndi m'masofa, mapoto osatsuka amalonjera alendo, ndipo apongozi akabwera, wophika amasowa pobisala pamene akuvundula nsima thukuta lili kamukamu. Magetsi akathimanso, ena amalowetsa mbaula m'nyumba, pomwe mpweya wa makala umapha mwakachetechete, khoma likhalepo kapena lisakhalepo. Mbaula ikhale pakhonde.

Chimene ndimalangiza ambiri ndi kuboola pakati pokha. Siyani khoma lofika m'chiuno, masentimita 90 kapena kuposerapo pang'ono, muikepo thabwa lodyerapo, pamwamba lintala. Kuwala kumalowa, wophika amacheza nawo, sinki imabisika. Muikenso fani yotulutsa utsi kunja, osati yongouzunguza m'chipinda momwemo. Sinki isasunthe kutali ndi paipi yaikulu yamadzi oipa, chifukwa madzi amafuna potsetsereka, ndipo konkire ya fulati saikumba.

Wowulutsa: Pa foni pafika funso lalifupi. Mtsikana wina akuti ali pa lendi, angagwetse?

Injiniya: Ayi, mwanangu. Gulula chitseko cha kukhitchini, uchisunge bwino pamodzi ndi mahinjesi ake, upake penti yowala eni nyumba akalola. Tsiku losamuka udzachibwezeretse, apo ayi dipoziti yapita.