Kuchotsa Mpweya m'Mabuleki a Njinga Yamoto: Mafunso ndi Mayankho

Kodi njinga yamoto iliyonse imafunika kuchotsedwa mpweya?

Ayi. Njinga zambiri za kabaza zili ndi mabuleki okoka ndi waya, ndipo m'menemo mulibe mafuta. Tikunena za njinga yomwe ili ndi mbale yachitsulo pagudumu, ija amati disiki, komanso kathanki kakang'ono ka mafuta pahandulo.

Ndingadziwe bwanji kuti mpweya walowa?

Dzanja lanu lidzakuuzani. Chogwirira cha buleki chimafewa ngati mukufinya siponji, nthawi zina mpaka kukagunda handulo njinga isanaime. Mukachipopa kawiri katatu chimayamba kulimbako, kenako n'kufewanso. Mafuta a mabuleki sapanikizika, ndiye mphamvu ya zala zanu imafika yonse ku caliper, chida chomwe chimapana disiki. Mpweya umapanikizika. Kathovu kamodzi m'paipi ya mafuta kamadya mphamvu ija isanafike kugudumu.

Nanga ngati sindinamasulepo kalikonse, buleki ingafewe yokha?

Ingathe, ndipo apa m'pamene pandidetsa nkhawa kwambiri. Mafuta amenewa amayamwa chinyezi pang'onopang'ono, ngakhale kathanki kali kotseka. Mafuta atsopano a mtundu wa DOT 4 sawira asanafike madigiri 230, koma akamwa madzi akhoza kuwira pa madigiri 155 okha. Taganizani mukutsika Khwekhwerere kupita ku Golomoti, kapena Chiweta, mwanyamula mayi ndi thumba lake la mbatata, dzanja lili pabuleki njira yonse. Caliper imatentha, madzi aja amasanduka nthunzi, ndipo nthunzi imapanikizika chimodzimodzi mpweya. Buleki imene inali bwinobwino pamwamba pa phiri imatha pakona yachisanu. N'chifukwa chake opanga njinga ambiri amalangiza kusintha mafutawa pakatha zaka 2 zilizonse. Suzumirani m'kathanki. Mafuta abwino amaoneka oyera, achikasu pang'ono. Akada ngati tiyi wopanda mkaka, atha ntchito.

Ndigule mafuta ati?

Werengani pachivundikiro cha kathanki, palembedwa. Kawirikawiri ndi DOT 3 kapena DOT 4. Chenjerani ndi DOT 5: ngakhale dzina likufanana, iyi ndi ya silikoni ndipo sisakanizidwa ndi enawo. Oilo wa injini musathiremo ngakhale dontho, chifukwa amatupitsa timphira ta m'kati, buleki yonse n'kuwonongeka. Gulani botolo lomata kuchokera kufakitale. Mafuta ongopungulidwa m'kabotolo ka zakumwa amakhala atamwa kale chinyezi, kutchipa kwake kusakunyengeni.

Ndikonze zida zanji?

Sipanala yozungulira, nthawi zambiri ya 8, sikuludiraiva, kapaipi ka pulasitiki koonekera m'kati, botolo lopanda kanthu ndi nsanza zoyera. Ikaninso madzi pafupi, poti mafutawa amadya penti. Akadonthera pathanki ya petulo tsukani pomwepo.

Ntchito yeniyeniyo imayenda bwanji?

Imikani njinga pamalo osalala ndipo potozani handulo mpaka kathanki kakhale mowongoka. Pukutani fumbi musanatsegule. Chotsani chivundikiro ndi kamphira kake, dzazani mafuta mpaka pamzere wapamwamba.

Tsikirani ku caliper. Pali kabawuti kakang'ono kobooka pakati, kovala kachipewa ka mphira. Vulani kachipewako, lowetsani sipanala, kenako vekani kapaipi kaja. Mbali inayo ya kapaipi imire m'mafuta pang'ono m'botolo lanu.

Tsopano dongosolo lake ndi ili, ndipo musalisinthe. Popani chogwirira pang'onopang'ono katatu kapena kanayi, ndipo komaliza gwirani osataya. Muli chigwirire, masulani kabawuti pang'ono chabe, gawo limodzi mwa magawo anayi a kuzungulira kwake. Chogwirira chidzagwera kuhandulo, mafuta n'kuthamangira m'kapaipi. Mangani kabawuti. Mukamanga, m'pamene mutaye chogwirira. Anthu ambiri amalakwa pomwepa. Amataya dzanja kabawuti kadakali kotsegula, ndipo mpweya umene authamangitsa umabwereranso pakhomo lomwelo. Amatha kupopa mpaka dzuwa kulowa buleki ili yofewabe, n'kumati njinga yalodzedwa.

Mukakhala awiri, wina pahandulo wina pansi, muzilankhulana mokweza. Wapansi anene kuti "Gwirani", akamanga anene kuti "Tayani", ndipo wapahandulo asachite kanthu asanamve mawuwo.

Maso anu akhale pakapaipi. Poyamba mudzaona mafuta akuda, muli tithovu tondondozana ngati mikanda paulusi. Kenako tithovu timachepa, mtundu n'kuyamba kuyera. Mukabwereza katatu kapena kanayi, dzukani mukaone kathanki ndipo onjezerani mafuta. Kamatha msanga kuposa mmene mungaganizire, ndipo kakauma pampu ya pahandulo imameza mpweya watsopano, ntchito yonse n'kuyambiranso. Pitirizani mpaka mafuta azituluka oyera opanda thovu. Pomanga komaliza musakakamize. Kabawutiko n'kobooka, sikachedwa kuthyoka, ndipo kakathyokera m'kati mwagula vuto lalikulu.

Ndachita zonsezi koma chogwirira chidakali chofewa. Nditani?

Mpweya umakonda kukwera, ndiye umabisala pamwamba, pabawuti yomwe imalumikiza paipi ndi pampu ya pahandulo. Gogodani paipi mopepuka ndi chigwiriro cha sikuludiraiva kuyambira pansi kukwera m'mwamba, kenako gwedezani chogwirira pang'onopang'ono mukuyang'ana m'kathanki. Mudzaona tithovu ting'onoting'ono tikutumphuka. Ena amamanga chogwirira kuhandulo ndi lamba wa chubu usiku wonse, ndipo m'mawa amapeza chalimbako. Njira ina ndi kukankha mafuta ndi sirinji yaikulu yoyera kuchokera pakabawuti kapansi kupita m'mwamba, komwe mpweya umafuna kupita kale, mukuyang'anira kuti kathanki kasasefukire.

Ndi liti pamene ndiyenera kusiya n'kupita kwa amakaniko?

Mukaona chinyontho cha mafuta pa caliper kapena pampu, paipi yang'aluka kapena ikutupa mukafinya, kapena chogwirira chikumira chokha mutachigwira mwamphamvu, vuto si mpweya. Ndi timphira kapena paipi, ndipo kupopa sikungathandize. Njinga zina zokhala ndi chipangizo cha ABS nazonso zimafuna makina apadera mpweya ukalowa m'kati mwa chipangizocho. Mafuta akadonthera pamapadi a buleki, sinthani mapadiwo, kutsuka sikukwanira.

Ndamaliza. Ndingalowe mumsewu?

Musanalize injini, dzazani kathanki mpaka pamzere, tsekani, pukutani disiki, ndipo mafuta akalewo muwasunge m'botolo lotseka kutali ndi ana ndi ziweto, popeza ndi poizoni. Kankhani njinga ndi manja n'kugwira buleki. Gudumu liime nthawi yomweyo, ndipo pakati pa chogwirira ndi handulo patsale mpata. Kenako yesani panokha pabwalo, mwapang'onopang'ono, kangapo konse, musanakweze munthu kumbuyo.