Kukadya kunja ndi alendo: momwe mungaitanitsire vinyo mopanda mantha

Ambiri a ife tikalowa m'malo odyera a m'tauni sitivutika ndi chakudya. Chambo timachidziwa, nkhuku ya lokolo timaidziwa, ndipo palibe angatinamize pa mpunga wa Kilombero poti fungo lake limafika patebulo mbale isanafike. Vuto limayamba weta akabweretsa kabuku kachiwiri kaja, ka vinyo. Munthu amene masana amatsogolera msonkhano kuntchito amangoti kakasi, kenako n'kuloza dzina lililonse, kapena botolo lodula kwambiri poopa kunyozeka pamaso pa alendo. Zimandimvetsa chisoni, chifukwa ndalama zimapita, vinyoyo n'kutsala theka m'botolo aliyense atakwinya nkhope. Komatu zofunika kudziwa n'zochepa.

Musananyamuke kunyumba

Yambani ndi thumba. Dziuzeni nokha ndalama zimene mwakonzeka kugwiritsa ntchito tsikulo, ndipo chakudya chitenge gawo lalikulu. Kenako imbani foni kumaloko. Funsani ngati tebulo la anthu anu lipezeke, ngati mitengo ya pa menyu yaphatikiza kale misonkho, ndiponso ngati amalandira khadi, Airtel Money kapena TNM Mpamba. Ngakhale atavomera zonsezo, tengani ndithu ndalama zina m'manja, poti netiweki ikavuta makina olipirira aja amangokhala chete. Funsaninso ngati amalola kubwera ndi botolo lanu. Malo ena amalola, inu n'kulipira kandalama kotsegulira, ndipo nthawi zambiri zimatchipirapo.

Nkhani ya woyendetsa galimoto ithere kunyumba komweko. Amene agwire chiwongolero asamwe, basi. Ngati nonse mukufuna kulawa, panganani ndi wa takisi nthawi yodzakutengani.

Dziwaninso alendo anu. Kwathu kuno anthu ambiri samwa chifukwa cha chipembedzo, ena ali pa mankhwala, ena ndi oyembekezera ndipo sanafune kuti zidziwike. Mukaitana apongozi kapena akuluakulu a mpingo, funsani mwakachetechete kwa amene amawadziwa bwino ngati botolo patebulo lingawakhumudwitse. Wosamwa asafunsidwe chifukwa chake. Muitanitsireni juwisi wa malambe kapena wa bwemba ndi ulemu womwewo umene mukuitanitsira vinyo wanu.

Chakudya choyamba, vinyo pambuyo

Mukakhala pansi musathamangire kabuku ka vinyo. Aliyense asankhe kaye ndiwo zake, chifukwa ndiwo ndi zimene zidzakuuzeni botolo loyenera. Nsima kapena mpunga sizikangana ndi vinyo aliyense.

Funsani weta kuti, "Achimwene, nsomba yafika liti?" Funso limeneli ndi lofunika makamaka mukakhala kutali ndi nyanja, komanso mu Novembala ndi Disembala pamene usodzi wa chambo umatsekedwa kuti nsomba ziswane. Weta wabwino adzakuuzani zoona, mwinanso kukulozerani mbale ina.

Chambo chowotcha kapena chokazinga chimafuna vinyo woyera wozizira, monga Chenin Blanc kapena Sauvignon Blanc. Vinyo ameneyu amawawasa pang'ono, ndipo kuwawasako kumagwira ntchito yomwe ndimu imagwira pa nsomba: kumachotsa mafuta m'kamwa kuti nthongo yotsatira ikome ngati yoyamba. Kampango, amene ali ndi mafuta ambiri, amayenda bwino ndi Chenin Blanc kapena Chardonnay. Vinyo wofiira wamphamvu musamuyandikizitse ku nsomba, chifukwa awiriwa akakumana amasiya kakomedwe ka chitsulo palilime.

Nyama ya mbuzi yowotcha, ya ng'ombe kapena mang'ina, apa ndiye pa vinyo wofiira: Pinotage, Shiraz, Cabernet Sauvignon. Vinyo wofiira amafululidwa pamodzi ndi makoko a mphesa, ndipo m'makokomo muli zinthu zoumitsa m'kamwa, zomwezo zimene mumazimva mu tiyi wa masamba ambiri wopanda mkaka. Mukamwa vinyoyu payekha amakhakhala, koma akakumana ndi nyama ndi mafuta ake amafewa. Amene akuyamba kumene asankhe Merlot, yemwe sakhakhala kwambiri. Nkhuku ya lokolo ya msuzi wa matimati ili pakati, imalola Merlot komanso vinyo wofiirira uja wotchedwa rosé.

Chenjerani ndi tsabola. Ngati ndinu wokonda kambuzi kapena Nali, vinyo wofiira wamphamvu adzawonjezera moto m'kamwa, chifukwa mowa umakolezera kuwawa kwa tsabola. Tengani woyera kapena rosé wotsekemera pang'ono, wozizira bwino. Ndipo ine ndimaona kuti nkhwani wotendera, chifukwa cha nsinjiro zija, amakoma kwambiri ndi Chenin Blanc kuposa vinyo wina aliyense, ngakhale simudzazipeza zimenezi m'kabuku ka hotela.

Patebulo la anthu asanu ndiwo sizingafanane. Musavutike mtima. Onani zimene ambiri atenga, kapena aliyense aitanitse tambula yake.

Kuwerenga kabuku kaja

Vinyo wambiri amene timamupeza m'masitolo ndi m'mahotela athu amachokera ku South Africa, m'madera a Stellenbosch, Paarl, Franschhoek ndi Robertson, kufupi ndi Cape Town, kumene anayamba kufulula vinyo mu 1659. Maina ovuta aja ambiri ndi maina a mitundu ya mphesa, monga momwe mango alili ndi boloma ndi kalisere. Chenin Blanc ndiyo mphesa yolimidwa kwambiri kumeneko, n'chifukwa chake vinyo wake amapezeka wabwino pamtengo wofikirika. Pinotage ndi mphesa yawoyawo: katswiri wina wa ku Stellenbosch, Abraham Perold, anaipanga mu 1925 pokwatitsa Pinot Noir ndi Cinsaut.

Chaka cholembedwa pabotolo ndi chaka chimene mphesazo zinakololedwa. Anthu amati vinyo akakalamba ndiye amakoma. Zimenezi n'zoona pa mabotolo ochepa chabe, odula, osungidwa pozizira. Vinyo wamba, makamaka woyera ndi rosé, amapangidwa kuti amwedwe msanga. Botolo limene layenda ulendo wautali pa thiraki n'kukhala zaka pashelefu yotentha silinakhwime, latopa. Pa woyera, sankhani wa zaka ziwiri kapena zitatu zapitazi.

Onaninso mawu osonyeza shuga. Mukaona "dry" ndiye kuti satsekemera, "semi-sweet" amatsekemera pang'ono, "natural sweet" amatsekemera ndithu. Ambiri timayambira wotsekemera ndipo palibe chochititsa manyazi. Amene akulipira ndinu, lilime ndi lanu.

Musaiwale kufunsa za kwathu konkuno. Ku Lilongwe kuli kampani ya Linga imene imafulula vinyo wa zipatso monga jambula, magwafa ndi chidede. Mukakhala ndi mlendo wochokera kunja, amene vinyo wa mphesa anamutopa kale kwawo, botolo lotere ndi limene angakalikumbukire.

Tsono tambula kapena botolo? Botolo limakhala la 750 ml, ndipo limatulutsa matambula asanu a 150 ml. Werengani nokha: ngati matambula anayi akufika pa mtengo wa botolo, ndipo omwa ndinu awiri kapena atatu, tengani botolo. Mukatenga wa patambula, funsani kuti botololo linatsegulidwa liti. La dzulo lili bwino, la sabata yatha ayi.

Ngati mukuchita manyazi kutchula ndalama pamaso pa alendo, pali njira yake. Itanani weta pafupi, ikani chala pa mtengo umene mungakwanitse, n'kunena kuti, "Achemwali, tatenga chambo ndi nkhuku, mungatipezere chiyani cha ngati apa?" Wamva kale. Safunsa anadya phula, ndipo weta amene amakonda ntchito yake amasangalala kufunsidwa.

Botolo likafika

Apa ndi pamene ambiri amanjenjemera, pomwe mwambo wake ndi waufupi. Weta adzakuonetsani botolo lisanatsegulidwe. Werengani dzina ndi chaka, muone ngati ndi lomwe munaitanitsa, chifukwa kampani imodzi imatha kukhala ndi mabotolo ofanana dzina koma osiyana mtengo kwambiri. Chotsekera chikhale chosasokonezedwa, ndipo alitsegule inu mukuona. Chotsekera chopotokola cha chitsulo sichitanthauza kuti vinyoyo ndi wachabe. Makampani abwino ambiri amagwiritsa ntchito chimenecho masiku ano.

Kenako adzathira pang'ono m'tambula mwanu. Cholinga chake ndi choti muone ngati vinyoyo sanaonongeke. Zunguzani tambula pang'ono, nunkhizani, lawani. Woonongeka amadziwika: amamveka fungo la katoni yonyowa kapena la nkhungu, kapena amawawasa ngati viniga. Woyera amene wasanduka wabulauni ndi wokayikitsa. Mukaona kuti chotsekera chatukuka, kapena pakhosi pa botolo pali mkwasa wa vinyo wouma, ndiye kuti linapsa ndi dzuwa panjira. Zikatero nenani modekha kuti, "Pepani, uyu akuoneka kuti waonongeka, tamununkhizani." Ayenera kukusinthirani. Koma ngati ali bwinobwino, kungoti simunamukonde, si chilungamo kumubweza, poti munasankha nokha. Akakhala bwino ingogwedezani mutu, weta athirire alendo anu, inu mumalizire.

Kazizidwe ndi nkhani imene ndikufuna muigwire ndi manja awiri. Woyera amakoma pa madigiri 8 mpaka 12, wofiira pa 15 mpaka 18. Lamulo lija loti wofiira salowa m'firiji linachokera ku Ulaya, m'nyumba zozizira. Ku Mangochi kapena ku Chikwawa mu Okutobala, kutentha kukadutsa madigiri 35, vinyo wofiira wongochotsedwa pashelefu amamveka mowa wokhawokha, zipatso zonse zitabisala. Pemphani kuti amuike m'ndowa ya ayisi kwa mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu. Ena angakuyang'aneni modabwa, koma mukalawa mudzamva kusiyana kwake.

Tambula igwireni pa mwendo wake kuti dzanja lisatenthetse vinyo, ndipo isadzaze, ifike cha pansi pa theka. Ngati mukudya nsima ndi dzanja, monga nsima iyenera kudyedwera, tambula igwireni ndi lamanzere kuti isadzole mafuta. Polandira chinthu kwa munthu ndi pamene timasamala za dzanja, pa tambula yanu palibe mlandu.

Imwani mukuwerenga. Vinyo amakhala ndi mowa wa maperesenti 12 mpaka 14, pamene mowa wa m'botolo uli ndi pafupifupi 5. Tambula imodzi ya 150 ml imaposa pang'ono botolo la mowa la 330 ml, ndipo wotsekemera uja amatsika msanga osadziwika. Pakhale madzi patebulo. Ngati weta akumangowonjezera tambula isanathe, muuzeni kuti muzithira nokha, ndiponso kuti botolo lachiwiri lisatsegulidwe musananene.

Bilu

Iwerengeni mzere ndi mzere, si mwano. Onani kuchuluka kwa mabotolo, muonenso ngati msonkho wa VAT ndi wa zokopa alendo sanauike kawiri, ndipo tengani lisiti. Amene waitana ndiye amalipira. Ngati mukufuna kusonkherana, zinenedwe poitanana pomwe, osati bilu itafika. Weta akakusamalani bwino mupatseni kangachepe m'manja mwake. Vinyo wotsala ndi wanu: mutsekeni, mupite naye, ndipo m'firiji akhoza kukhala masiku awiri kapena atatu.

Kophunzirira mosaboola thumba

Lilime limaphunzira polawa, ndipo malo otchipa olawira ndi zionetsero. Pa bwalo la Trade Fair ku Chichiri mu Blantyre, nthawi ya chionetsero cha zamalonda kapena cha zaulimi, mumakumana ndi opanga uchi, juwisi, khofi wa ku Mzuzu, tiyi wa ku Thyolo, nthawi zina ndi vinyo wa zipatso, ndipo ambiri amalawitsa. Ku Dzaleka m'boma la Dowa, chikondwerero cha Tumaini chimene chinayamba mu 2014 chimakupatsani mwayi wodya zophika za anthu ochokera ku Congo, Burundi, Rwanda, Ethiopia ndi Somalia pamalo amodzi. Mahotela ena a m'mizinda amakonzanso madzulo olawitsa vinyo, ndipo amalengeza pa Facebook.

Kumalo otere fikani m'mawa kapena poyambirira, ogulitsa asanatope, kuti muwafunse bwino. Idyani kaye musanayambe kulawa. Yambani ndi woyera kenako wofiira, wosatsekemera kenako wotsekemera, chifukwa shuga akayamba kulowa, zotsatira zonse zimamveka zowawasa. Mukaona kandowa patebulo, ndi kolavuliramo, ndipo akatswiri amatero kuti mutu usazungulire. Tsukani m'kamwa ndi madzi pakati. Pa zakudya, gulani zotentha zimene zikuphikidwa mukuona, ndipo sambani m'manja ndi sopo, makamaka nyengo ya mvula pamene kolera amavuta.

Vinyo amene wakukomerani, jambulani botolo lake pafoni kuti dzina ndi chaka zioneke. Mukagula loti mupite nalo, likhale lomalizira kugula, ndipo musalisiye m'galimoto yotsekedwa padzuwa. Kunyumba liikeni pamalo amthunzi, kutali ndi mbaula, ndipo ngati chotsekera chake n'cha khungwa, ligonekeni chammbali kuti chisaume.